Kupita ku Likoma ndi ana: zoyenera kuchita kuyambira kunyumba mpaka pobwerera

Sukulu zikamayandikira kutsekera, funso limakhala lomwelomwelo: "Tikufuna tipite ndi ana ku Likoma, tiyambire pati?" Ambiri amafunsa za malo ogona ndi mtengo wa tikiti. Ochepa kwambiri ndi amene amafunsa za chimene chimavuta kwenikweni, chomwe ndi kukweza ndi kutsitsa ana m'sitima usiku, nyanja ikuwinduka, anthu akukankhana ndi matumba a ufa. Ndalemba zonse pano kamodzi kuti aliyense wofuna ulendowu awerenge asanagule tikiti.

Likoma ndi chilumba cha Malawi chimene chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Boma la Likoma ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu. Chachikulucho n'chotalika pafupifupi makilomita 8, ndipo mukaima kugombe la kum'mawa mumaona mapiri a ku Mozambique ndi mudzi wa Cobue pafupi kwambiri. Ku Nkhata Bay n'kutali kuposa pamenepo, pafupifupi makilomita 70 pamadzi. Chilichonse pa ulendowu chimadalira nyanja ndi sitima, choncho masiku anu muziwerenga motsatira zimenezo.

1. Sankhani mwezi poyang'ana mphepo

Anthu a kunyanja amatchula mphepo ndi mayina. Mwera ndi mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, ndipo imawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto ndi yochokera kumpoto, imabwera nthawi ya dzinja. Mwera ukawomba masiku awiri atatu osaleka, mafunde amakula moti asodzi sapita kunyanja, ndipo maboti ang'onoang'ono amangomangidwa kugombe. Sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu oposa 140 n'kufa. Nkhaniyi ndikuitchula kuti mudziwe kuti mwera ndi wofunika kuulemekeza.

Vuto lake n'lakuti tchuthi chachitali cha sukulu chimagwa m'nyengo yomweyi. Ngati mungathe, dikirani kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, pamene mphepo yayamba kuchepa ndipo madzi ndi oyera. Tchuthi cha Isitala nachonso n'chabwino: mvula imakhala ikutha, chilumba chili chobiriwira. Okutobala ndi Novembala nyanja imakhala bata masiku ambiri koma dzuwa limaswa mtengo, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri amavutika. Disembala mpaka Malichi kuli mvula ya mabingu yobwera mwadzidzidzi, udzudzu umachuluka, matenda otsegula m'mimba nawonso amachuluka.

Ngati mpata wanu ndi Julayi basi, pitani pa sitima yaikulu kapena pa ndege. Musakwere ndi ana boti laling'ono lowoloka nyanja yonse m'mwezi umenewo, ngakhale mwini boti atalumbira motani.

2. Dziwani tsiku la sitima musanasungitse china chilichonse

Njira yodziwika ndi sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito pa nyanjayi mu 1951. Imanyamuka ku Monkey Bay kupita kumpoto mpaka ku Chilumba, kenako n'kubwerera, ulendo wa pafupifupi sabata yathunthu. Ndiye kuti imadutsa pa Likoma kawiri pa sabata, kamodzi popita kumpoto, kamodzi pobwerera kumwera. Banja lokhala ndi ana aang'ono likwerere ku Nkhata Bay, chifukwa pamenepo ulendo wa pamadzi ndi waufupi: sitima imaima pa Chizumulu kenako n'kufika ku Likoma. Kukwerera ku Monkey Bay n'kosangalatsa kwa akuluakulu, koma mwana wa zaka zitatu kumusunga m'sitima usana ndi usiku n'chintchito.

Mukapita ndi sitima yolowera kumwera kuchokera ku Nkhata Bay, mubwerera ndi yolowera kumpoto patapita masiku angapo. Mukaiphonya imeneyo, mudikira sabata ina kapena musaka boti lina. N'chifukwa chake tsiku la sitima liyenera kudziwika kaye, malo ogona n'kubwera pambuyo.

Imbani ku ofesi ya sitima ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay, ndiponso imbani kumalo amene mukagoneko ku Likoma. Anthu a pachilumba amadziwa bwino kumene sitima yafika kuposa ndandanda iliyonse imene mungaione pa intaneti. Funsani zinthu zitatu: kodi Ilala ikuyenda sabata imeneyo, popeza nthawi zina imaima milungu ingapo ikukonzedwa, ifika nthawi yanji, ndipo mutsikira pa doko kapena m'maboti. Imbaninso kutatsala tsiku limodzi. Nthawi yolembedwa ndi yongoyerekeza, chifukwa kutsitsa katundu pa doko limodzi kungachedwetse sitima maola ambiri.

Pali maboti ena a injini oyenda pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Musanalipire, pitani mukalione boti ndi maso anu: katundu wafika pati, anthu angati, majekete oyandamitsa alipo angati. Ngati m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kukhudza madzi lisananyamuke n'komwe, bwererani. Ndege zing'onozing'ono zochokera ku Lilongwe zimateranso pa bwalo la ndege la pachilumbachi. N'zodula, ndipo katundu amamuyeza pa sikelo molimba, koma kwa banja lokhala ndi khanda kapena mwana wodwaladwala ndi njira yofunika kuiganizira, ngakhale ulendo umodzi wokha.

Fikani ku Nkhata Bay kudakali masana. Kuchokera ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50. Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa ndi ulendo wa tsiku lonse, ndiye ndi bwino kufika dzulo lake, ana agone mokwanira.

3. Sankhani pokhala m'sitima

Pansi ndi potchipa, koma ndi pamene pamadzaza anthu, matumba a chimanga, madengu a usipa, nkhuku ndi makreti a zakumwa. Mpweya ndi wochepa, ndipo mwana wokwawa mulibe pomuika. Pamwamba penipeni ndi pa kalasi yoyamba, pabwalo lopanda makoma pamene anthu amayala matiresi n'kugona. Mpweya ndi wabwino, malo alipo, koma usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo zitsulo zotchinga m'mbali zili ndi mipata yoti mwana wamng'ono atha kupyola. Zipinda zogona zilipo zochepa ndipo zimatha msanga, choncho zisungitseni masiku angapo ulendo usanafike.

Ngati ndalama zikulola, banja lokhala ndi mwana wosakwana zaka 5 litenge chipinda, chifukwa chitseko chotsekeka ndi chimene chimalola kholo kutseka maso. Ngati sizikulola, khalani pamwamba, yalani pakati kutali ndi m'mbali, ndipo akuluakulu muzigona mosinthana. Pa ndalama zonse za ulendo, apa ndi pamene sindingalangize munthu kuumira.

4. Longedzani kuti manja akhale opanda kanthu

Masutikesi a matayala amavutitsa pamchenga ndi pamakwerero a sitima. Tengani zikwama zoberekera kumsana, wamkulu aliyense chimodzi. Zovala zikulungeni m'majumbo musanaziike m'chikwama, chifukwa katundu amanyowa pansi pa boti. Foni, ndalama, ziphaso ndi mabuku a kuchipatala a ana zikhale m'kajumbo kakeake komanga bwino, m'kachikwama kamene sikachoka pathupi panu.

Zimene simuyenera kuyembekezera kukagula kumeneko: matewera, mkaka wa mwana, ufa wa phala umene mwana anazolowera, mankhwala amene wina m'banjamo amamwa tsiku ndi tsiku, mafuta oteteza ku dzuwa. Nthaka ya ku Likoma ndi ya miyala ndi mchenga, ndiye zinthu zambiri zimachokera ku Nkhata Bay ndi ku Mozambique. Tsiku la sitima magolosale amadzaza, pakatha masiku angapo zina zimasowa. Werengerani masiku a ulendo wanu, kenako onjezerani zinthu za masiku atatu.

Onjezerani izi: neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala ndi chingwe chomangira, tochi ziwiri, imodzi yovala pamutu ngati muli nayo, zitenje zinayi kapena zisanu, juzi ndi chipewa cha mwana aliyense, nsapato za pulasitiki zomanga kumbuyo, WaterGuard, mapaketi a Thanzi ORS, mapiritsi a zinc, panado wa ana, choyezera kutentha kwa thupi, mabandeji ndi mankhwala opaka pa bala. Ndalama tengani zogwira m'manja zokwanira ulendo wonse ndi masiku awiri owonjezera, zambiri zikhale zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikagwa kapena wothandizira akakhala kuti alibe ndalama, muvutika. Yang'ananinso foni yanu mukafika: pafupi chonchi ndi Mozambique ikhoza kugwira netiweki ya kumeneko n'kukudyerani mayunitsi.

Chomaliza ndi jekete loyandamitsa la msinkhu wa mwana. Majekete a m'sitima ndi m'maboti nthawi zambiri ndi a akuluakulu, ndipo mwana akagwera m'madzi atavala lalikulu amapulumukira pansi, jekete n'kutsala likuyandama lokha. Loyenera limakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Kuliyesa kwake n'kotere: mwana avale, mumange malamba onse, mugwire pamapewa a jeketelo n'kukokera m'mwamba. Likakwera mpaka kufika m'makutu, n'lalikulu.

5. Kutsika m'sitima kulowa m'boti

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo. Pamene pali doko lomangidwa, sitima imatsamira ndipo mumangoyenda kulowa. Pamene palibe, kapena tsiku limene mafunde sakulola kutsamira, imaponya nangula patali ndi gombe n'kutsitsa maboti ake onyamula anthu. Ku Chizumulu yembekezerani zimenezi, ndipo ku Likoma konzekeranibe ngakhale atakuuzani kuti mutsikira pa doko. Nthawi zambiri izi zimachitika usiku kapena m'bandakucha, ana ali ndi tulo.

Kutatsala theka la ola kuti mufike, dzutsani ana. Apite kuchimbudzi, avale nsapato, juzi ndi majekete oyandamitsa mudakali pamalo anu, pamene pali kuwala ndi mpata. Musadikire kuvalira pakhomo lotsikira. Auzeni mwachidule zimene zichitike ndi amene adzagwire dzanja la yani. Mwana wodziwa chimene chikubwera salira kwambiri.

Musathamangire boti loyamba. Limadzaza ndi anthu othamangira malonda awo ndi katundu wolemera, ndipo kukankhana kwake kumakhala koopsa. Sitima siichoka musanatsike, chifukwa kutsitsa katundu kumatenga nthawi yaitali. Imani pambali, uzani mmodzi wa ogwira ntchito m'sitimamo kuti muli ndi ana angati, ndipo dikirani boti lachiwiri kapena lachitatu. Mukaona kuti boti ladzaza kale, lisiyeni lipite ngakhale akukuitanani.

Dongosolo lotsikira likhale ili. Wamkulu mmodzi atsike poyamba wopanda katundu, aime kapena akhale molimba m'boti. Ana atsike mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, wamng'ono pomaliza, ndipo aliyense akhale pansi pakati pa boti wina asanatsike. Mwana wamng'ono amaperekedwa pamanja: womupereka amugwire m'khwapa ndi manja onse awiri, ndipo asamusiye mpaka wolandira atanena mokweza kuti "Ndamugwira." Musamunyamule mwana pogwira dzanja limodzi, phewa kapena chigongono chimatha kuguluka. Wamkulu wachiwiri atsike ana onse atatha. Katundu abwere pomaliza. Ngati kholo muli nokha, pemphani wogwira ntchito agwire ana pamwamba, inu mutsike kaye, kenako muwalandire.

Yang'anani mmene boti likuchitira: limakwera ndi funde, n'kutsika, nthawi zina mpaka kusiyana ndi makwerero ndithu. Pondani kapena perekani mwana pamene boti lakwera n'kuima kamphindi pamwamba pa funde. Mukaponda likutsika, phazi limasowa pofikira. Tsikani mutayang'ana makwerero, manja onse atagwira zitsulo. Khanda likhale lomangidwa zolimba ndi zitenje ziwiri, mutu wake usapendekekere kunja, ndipo mukangokhala pansi m'boti mulitembenuzire kutsogolo.

Pamene ana amavulala kawirikawiri ndi pa zala. Mwana amangogwira m'mphepete mwa boti, funde n'kuliwombetsa ku chitsulo cha sitima. Lamulo ndi limodzi, ndipo libwerezeni mpaka atope nalo: manja pamaondo. Tochi iunikire pansi pamene anthu akuponda, osati m'maso mwa woyendetsa.

Kugombe boti silifika nthawi zonse pouma. Mutha kutsikira m'madzi ofika m'maondo, ndiye pindani mathalauza, nyamulani ana aang'ono, ndipo muwaike pamchenga kutali ndi pamene akuponyera katundu. Werengani ana musanawerenge zikwama. Pangananitu ndi a kumalo ogona kuti wina adzakuchingamireni, chifukwa kuyenda ndi ana ndi katundu mumdima pa njira za miyala n'kovuta. Pobwerera dongosolo n'lomwelo motembenuza: wamkulu mmodzi akwere kaye kuti alandire ana pamwamba.

6. Muli m'sitima

Ana adye chakudya chopepuka musananyamuke, monga phala, buledi kapena nthochi. Zamafuta ndi zakumwa zotsekemera zimabweretsa nseru. Wina akayamba chizungulire, mukhazikeni pakati pa sitima pamene pali mpweya, ayang'ane kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, foni ndi buku aziike pansi. Sungani majumbo pafupi. Mankhwala oletsa kusanza pa ulendo alipo, koma ena saloledwa kwa ana aang'ono, ndiye funsani ku famase musanagule. Mwana asapite yekha kuchimbudzi kapena pamakwerero, ngakhale wa zaka 10.

7. Malo ogona ndi chakudya

Pachilumbachi pali malo a mitengo yosiyanasiyana. Kaya Mawa ndi yodula kwambiri, Mango Drift ndi Ulisa Bay Lodge ndi za pakatikati, ndipo ku Mbamba, kumene kuli msika ndi maofesi a boma, kuli nyumba za alendo zotchipa. Musanalipire funsani ngati amalandira ana a msinkhu wa anu, ngati bedi lililonse lili ndi neti yosabooka, mtunda wochoka pachipinda kufika pamadzi, ndi ngati angakuloleni kuphika phala. Chipinda chimene khomo lake likutsegukira pamadzi chimakoma kwa awiri, koma kwa mwana wa zaka ziwiri wodzuka m'mamawa n'choopsa. Tengani cha kumtunda pang'ono.

Chakudya itanitsani nthawi idakalipo, cha masana muuze ophika m'mawa, chifukwa nsomba amakagula akadziwa chiwerengero cha odya. Kwa ana, kampango ndi wabwino poti alibe timinga tambiri. Chambo ndi utaka muziwasankhira minga ndi zala zanu. Nsima ya kondowole, ya ufa wa chinangwa, ndi yofala kuno. Imamata, ndiye mwana wosaizolowera mumudulire timbamu ting'onoting'ono. Madzi akumwa awiritseni kapena thirani WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati a m'botolo, si akumwa osathira mankhwala.

8. Malamulo a pamadzi

Musanalowetse mwana m'madzi, funsani eni malo ndi asodzi kuti posambira pabwino ndi pati, ndipo ngati ng'ona yaonekako posachedwa. Safunsa anadya phula. Pewani madzi odikha okhala ndi bango ndi udzu, pafupi ndi pochapira ndi potsukira mbale, chifukwa ndi kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Sankhani gombe la mchenga kapena la miyala kumene mafunde amagunda. Osasamba chisisira kapena usiku.

Nthawi iliyonse ana ali m'madzi, pakhale wamkulu mmodzi wotchulidwa dzina amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, foni ili m'thumba. Akafuna kuchoka, auze mnzake momveka kuti "Tsopano ndi inu." Ana ambiri amamira akuluakulu ali pomwepo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona. Mwana womira sakuwa ndiponso sakupiza manja, amangolowa pansi mwakachetechete m'masekondi ochepa. Wosakwana zaka 5 akhale pamene mkono wanu ungamufike. Pafupi ndi miyala pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, ndiye yambani inu kuyendamo kuti mudziwe pamene madzi akuzama. Machubu ndi zoyandama zopopa zimatengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa mmene munthu angasambirire, choncho tsiku la mphepo zisiyeni kuchipinda.

Dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana limawotcha ngakhale khungu lakuda, makamaka pamapewa ndi pamphuno. Ana asambe atavala malaya, avale zipewa, ndipo amwe madzi pafupipafupi. Khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi. Mwana wachialubino avale zamanja aatali ndi chipewa chachikulu, apakidwe mafuta oteteza ku dzuwa maola awiri aliwonse ndiponso akangotuluka m'madzi, ndipo azisamba m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Mchenga wa masana umawotcha mapazi, nsapato zisavulidwe.

9. Zochita ndi ana

Konzani chinthu chimodzi chachikulu pa tsiku, m'mawa, masana n'kupuma pamthunzi.

Mbuna ndi tinsomba ta mitundu yowala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene timakhala m'miyala. Sipafunika boti: mwana atavala magalasi osambirira, ataima m'madzi ofika m'chiuno pafupi ndi mwala, akangoviika nkhope amationa tikudya ndere pamwalapo. Muphunzitseni kaye kupuma ndi kuviika nkhope pamalo osaya. Magalasi akachita nthunzi, pakani malovu pang'ono mkati n'kutsukuluza. Mitundu ina ya mbuna imapezeka pa miyala ya malo amodzi okha padziko lonse, ndiye muwauze ana kuti azingoona, asagwire kapena kuika m'botolo.

Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican, chili ku Chipyela, kumtunda pang'ono kuchokera ku Mbamba. Amishonale a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anakhazikitsa likulu lawo pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo ntchito yomanga tchalitchichi inayamba mu 1903. Ana amadabwa kuona nyumba yaikulu chonchi pakachilumba kakang'ono. Aonetseni mawindo a magalasi amitundu ndi mipando yosemedwa ya oimba, ndipo pemphani wosamalira pamalopo akuyendetseni, n'kusiya kangachepe. Lamulungu m'mawa kumakhala nyimbo zokoma, koma mapemphero amatalika, ndiye khalani chakumbuyo kufupi ndi khomo. Valani modzilemekeza, zovala zosambira zitsale kugombe.

M'mamawa pitani kumene asodzi akufikira. Usiku ana adzakhala ataona nyali zambirimbiri zitandandalika panyanja: amenewo ndi asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala n'kuzizinga ndi khoka lotchedwa chilimila. M'mawa adzaona usipa womwewo ukuyalidwa pa matandala kuti uume. Perekani moni kaye, pemphani musanajambule, ndipo ana asaponde maukonde oyanikidwa. Mukamva kulira kwa nkhwazi, imani muyang'ane m'mitengo ya m'mbali mwa madzi. Nthawi zina patali pamaoneka ngati utsi ukufuka panyanja: ndi nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'madzi, timene anthu ena a kunyanja amatigwira n'kupanga ndiwo.

Milambe ili ponseponse, ina yoti banja lonse litagwirana manja silingaizungulire, ndipo malambe ake ana amawakonda. Ku Katundu, malo opangira zinthu zamanja, ana okulirapo angaone mmene amayi amalukira mikanda ndi kusandutsa zinthu zotayidwa kukhala zokongoletsera m'nyumba. Funsani ngati kuli malipenga kapena chioda m'mudzi wina sabata imeneyo. Malipenga ndi gule wa abambo ovala zoyera ngati asilikali, oimba ndi zipanda, ndipo ku Likoma amamunyadira kwambiri.

Magalimoto pachilumbachi ndi ochepa. Anthu amayenda pansi kapena pa kabaza wa njinga yamoto. Ndi ana, yendani pansi m'mawa kusanatenthe, mutatenga madzi. Mukakwera kabaza, mwana mmodzi pa njinga imodzi ndi wamkulu kumbuyo kwake, ndipo samalani mwendo wake ku paipi ya utsi, imene imawotcha koopsa. Kuwolokera ku Cobue ndi kulowa m'dziko lina: pitani kaye ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, ndipo mwana aliyense akhale ndi chiphaso chake.

10. Mwana akadwala

Pa chilumbachi pali chipatala cha St Peter's, pafupi ndi tchalitchi. Tsiku loyamba lomwelo dziwani njira yake ndipo sungani nambala ya munthu wa galimoto kapena njinga amene angakunyamuleni usiku. Mwana akatentha thupi, mupatseni panado molingana ndi kulemera kwake, koma musalekere pomwepo: akayezetse malungo tsiku lomwelo. Musamupatse LA wotsala kunyumba asanayezedwe. Akatsegula m'mimba, sungunulani Thanzi ORS m'madzi otetezedwa motsatira zolembedwa pa paketi, mumwetse pang'onopang'ono pafupipafupi, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo amwe zinc masiku 10 mpaka 14. ORS akasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito pamene mukupita kuchipatala. Mwana akamakomoka, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mothamanga kapena maso akalowa m'kati, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Matenda aakulu amatumizidwa kumtunda, ndipo ulendo umenewo umadalira boti ndi nyengo, choncho kuchedwa kwa maola ochepa kuno n'koopsa kuposa ku tauni.

11. Pobwerera ndi milungu yotsatira

Dzulo la tsiku lonyamuka funsani kumene sitima yafika, longedzani zonse, ndipo lipirani ngongole zanu usiku womwewo. Kudikira kugombe kutha kutenga maola ambiri, ndiye sungani madzi, chakudya ndi chitenje choyala pamthunzi. Musakonze zoti tsiku lotsatira mwana akalembe mayeso kapena inu mukakwere basi yolipiriratu. Siyani tsiku limodzi lopanda kanthu.

Mukafika kunyumba, mwana akatentha thupi m'milungu inayi yoyambirira, akayezetse malungo ndipo muwauze a chipatala kuti munali kunyanja. Likodzo silionekera msanga. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu ali m'madzi, n'kutenga milungu ingapo kuti tikule, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amapha tokhwima tokha. Kumwa mankhwalawa tsiku lobwerera n'kungowononga. Dikirani milungu 6 mpaka 8, kenako onse amene analowa m'madzi apite kuchipatala, ngakhale amene akuoneka athanzi. Muyezo wake umatengera kulemera kwa thupi, ndiye ana akwere sikelo, amwe atadya, ndipo wosakwana zaka 5 aonedwe kaye ndi dokotala. Mukaona magazi mumkodzo wa mwana, kapena akamadandaula kupweteka pokodza, musadikire kuti milunguyo ikwane.